Thumba la ku Bekale

Amuna anga amagwira ntchito ku bekale, kophika buledi, mabanzi ndi makeke. Anayamba kumeneko tisanakwatirane, ndipo anzawo a kuntchito amangowaitana kuti a Lilime. Malipiro ake ndi ochepa ngati a wina aliyense, koma ntchitoyi ili ndi chinthu chimodzi chimene anthu a mumzere wa nyumba zathu ankatisirira nacho. Tsiku lililonse poweruka, wantchito aliyense amatenga thumba la zokanidwa: buledi wopserera m'mbali, mabanzi ophwanyika, ndi zotsala za dzulo zimene sizingabwererenso pa shelefu.

Thumba limenelo ndilo linalera ana athu. M'mawa tiyi ndi banzi. Popita kusukulu banzi lina m'chikwama. Mwezi ukatalika, madzulonso tiyi ndi buledi, shuga wambiri kuti m'mimba mukhale chete. Ine ndimasoka mayunifolomu pakhonde, ndipo ntchito imeneyi imayenda sukulu zikamatsegulira basi, miyezi ina mashini amangodya fumbi. Akazi anzanga akamalira za mitengo ya kugolosale ankandiloza ine. "Awa asalankhule, anakwatiwa ndi uvuni."

Phazi ndinalizindikira ndi mphuno. Ndikuchapa Loweruka lina, sokosi imodzi inatulutsa fungo losakhala la thukuta, ndipo kunsonga kwake kunali kouma gwa.

"Abambo, tavulani nsapato."

"Bwanji, nazonso mukufuna kuzisoka?"

"Ndati vulani."

Pansi pa chala chachikulu panali chilonda chonga chivindikiro cha botolo, m'mbali moyera, pakati pofiira moderako. Jombo ya kuntchito inali itawadya iwo osamva kanthu. Ndinakanikiza pambali pake ndi chala changa. Anangondiyang'ana.

"Sizikupweteka?"

"Ayi. Ndiye kuti ndi zazing'ono, eti?"

Namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumapeto kwa msewu wathu ndi mayi wosadziwa kusekerera odwala. Anawabaya chala cha kudzanja, nadontheza magazi pa kamakina, nawerenga nambala. Kenako anayang'ana ine, osati iwo.

"Mumawadyetsa chiyani bambowa?"

Ndinamufotokozera za thumba. Sanadabwe.

"Ali ndi matenda a shuga, ndipo wakwera kwambiri. Magazi akakhala chonchi chilonda sichipola. Mankhwala ndiwapatsa, koma mankhwala sangalimbane ndi thumba tsiku ndi tsiku. Shugayu akapanda kutsika, chala ichi chidulidwa. Mukachedwanso, phazi litsatira."

Ntchito ya amuna anga ndi yoimirira kuyambira mbandakucha mpaka masana. Munthu wopanda phazi saima pa uvuni. Tonse atatu tinkadziwa zimenezo.

Namwino anayamba kuwerengera pa zala: masamba ambiri, nyemba, mazira, nsomba, mtedza, zipatso pang'ono. Shuga ayi. Zakumwa za m'mabotolo ayi. Buledi woyera ndi mabanzi, ayi.

"Amayi, zimene mwalolazi ndi zogula," ndinatero. "Zimene mwaletsazo ndi zaulere."

"Ndikudziwa," anayankha uku akumanga bandeji. "Ine ntchito yanga ndi zilonda. Za kumsika ndi zanu."

Sindinamukwiyire. Ananena zoona.

Ndinayamba ndi kuchotsa. Shuga, majarini, masoseji a kumapeto kwa mwezi, zakumwa za Lamulungu, zonse zinatuluka m'nyumba, ndipo zinatuluka kwa aliyense chifukwa ndinalibe makala ophikira miphika iwiri. Mwana wathu wotsiriza, mtsikana wa ku sekondale amene watsala nafe pakhomo, analawa tiyi wopanda shuga nakwinya nkhope.

"Amayi, awatu ndi madzi otsukira mbale."

"Imwa. Ukakana, ukonzekere kumawabereka bambo ako popita kuntchito."

Anamwa.

Kumsika ndinasiya kupita m'mawa. Ndinkapita dzuwa litapendeka, ogulitsa atatopa ndipo akuopa kubwerera ndi katundu kunyumba. Nthawi imeneyo tomato wofewa amatsika mtengo, kabichi wong'ambika masamba akunja amaperekedwa ngati mphatso, ndipo karoti zokhota zimene madona azikana m'mawa zimakoma chimodzimodzi ndi zowongoka. Nyemba tinagula chidebe chathunthu ndi mnansi wanga nkugawana, ndipo ndinkaziviika madzulo kuti zisadye makala ambiri. Mafuta ophikira ndinkayeza ndi kachivindikiro ka botolo lomwelo. Chitsinde cha kabichi chimene ndinkataya ndinayamba kuchidula timagawo nkuphikira limodzi. Nsomba zouma ndinkagula zophwanyika za pansi pa dengu, popeza mumphika zonse zimaphwanyika ndithu.

Komabe sizinakwane. Thumba linkadzaza theka la mimba zathu, ndipo litachoka dzenje lake linaoneka. Choipa china, thumbalo linkabwerabe. Amuna anga sakanalisiya ku bekale, ndi mbali ya malipiro awo. Linkakhala pa tebulo nkumanunkhiritsa nyumba yonse, mwana nkumalizungulira ngati mphaka.

Tsiku lina ndinalinyamula kupita nalo kumsika, kwa mayi wogulitsa masamba ndi mazira amene tonse timamutcha Make Mapasa. Amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba yake, ndipo ana ali nawo ambiri kuposa nkhukuzo, malinga ndi kunena kwake.

"Achemwali, ndabwera ndi malonda opanda ndalama."

"Amenewo ndiye ndatopa nawo. Pitani kutsogolo."

"Tsegulani kaye."

Anatsegula, nanunkhiza, nafinya banzi limodzi. "Tsiku lililonse?"

"Kupatula Lamulungu. Inu muzindipatsa masamba, anyezi, mazira osweka chikamba, ndi chilichonse chimene chikufuna kugona pano. Koma ndikuuzeni chilungamo, izi ndi zimene zadwalitsa amuna anga."

"Inu, ana anga amapita kusukulu m'mimba muli mphepo. Shuga ndidzaonana naye akadzafika, njala ndikuonana nayo lero."

"Muziwapatsa limodzi m'mawa basi. Zinazo gulitsani kwa anzanu a tiyi."

"Ha! Telala akundiphunzitsa malonda." Anakankhira thumba pansi pa benchi nayamba kundilongera masamba, dzanja lake lolemera ndithu.

Kuyambira pamenepo mphika wathu unasintha maonekedwe. Amuna anga sanavute. Ankadya chimene ndawaikira, nkhope ili ngati ya pamaliro, koma ankamaliza. Mankhwala ankamwa pamaso panga. Kuntchito ndinkawalongera nyemba, masamba ndi dzira m'kabokosi, ndipo kankabwera kopanda kanthu. Ine ndi mwana tinapepukidwa m'thupi, siketi yanga ndinachita kuibweza m'chiuno.

Koma nambala ya pa kamakina ka namwino sinasunthe. Tinapita kachiwiri, kachitatu, ili pomwepo. Chilonda chinayamba kuda m'mbali, ndipo fungo lake linkadutsa bandeji.

"Pakati pa inu awiri pali amene akunama," anatero namwino.

"Amayi, ndikulumbira," anatero amuna anga. "Chichokereni pano tsiku loyamba lija, buledi sindinadyepo. Banzi sindinadyepo."

"Chala ichi sichikugwirizana nanu."

Pobwerera tinkayenda pang'onopang'ono chifukwa anali atayamba kutsimphina.

"Kodi pali kwina kumene akukuphikirani?" ndinafunsa.

"Ndi phazi lonunkhali? Angandifune ndani?"

"Alipo osasankha."

Sanaseke. Amuna anga ali ndi zolakwa zawo. Amazengereza, amaiwala, akabwereka hamala ya munthu imakalamba m'nyumba mwathu. Koma bodza salitha, akayesa amachita chibwibwi. Tsiku limenelo sanachite chibwibwi, ndipo ndi zimene zinandisowetsa mtendere. Ngati sakunama, ndiye kuti ndikulimbana ndi chinthu chimene sindikuchiona.

Kuiwala kwawo komweko ndiko kunandithandiza. M'mawa wina ndinapeza kabokosi ka chakudya kali pa tebulo la mashini. Ndinamaliza malaya amene ndinkasoka, nkukatenga kupita nako.

Zaka zonsezi ndinali ndisanafikepo kuseri kwa bekale. Khomo lake lili m'kanjira kopapatiza, kodzaza makreti ndi matumba a ufa opanda kanthu. Linali lotsegula chifukwa cha kutentha. Mnzawo wa amuna anga, bambo wamtali ngati mlongoti amene amamutcha Chimtali, anandiona natsegula pakamwa kuti afuule. Ndinamugwedezera mutu. Anatseka pakamwa nabwerera ku ntchito yake.

Ndinaima pamenepo nkumayang'ana.

Amuna anga anali pakati pa mauvuni awiri, epuloni yoyera mbuu ndi ufa, phazi lodwala atalipondetsa chidendene. Thireyi ya mabanzi inatuluka. Dzanja lawo lamanzere linapita lokha, linabenthula kangodya ka banzi, nkuponya m'kamwa. Maso anali kwina. "Uvuni wachiwiriwu ukupsereza kumbuyo, tembenuzani msanga," anatero akutafuna. Thireyi ina inatuluka, dzanja linapitanso. Anapita pa chimakina chokanda ufa, natsina pang'ono, nalawa. "Mchere wachepa." Wa makeke anabwera ndi supuni ya kirimu. "A Lilime, talawani aka." Analawa, nameza. Wina anabwera ndi manyuchi opaka pamwamba pa mabanzi. Analawa, nameza. Buledi anatuluka, anadula nsonga yotentha, naiuzira, nameza.

Sankabisala. Sankaba. Nkhope yawo inali ya munthu amene ali pa ntchito, ngati ine ndikaluma ulusi ndi mano.

Nditaona zokwanira ndinalowa.

"A Lilime, boma lafika!" anafuula Chimtali, atamasuka tsopano. "Alamu, takulandirani. Mukatimanga mutimange tonse."

Ndinawatulutsira amuna anga m'kanjira muja.

"Munalumbira kwa namwino kuti simukudya buledi."

"Sindikudya."

"Nanga chimene chili m'kamwa mwanumo?"

Anameza, nandiyang'ana modabwa zenizeni. "Uku ndi kulawa. Kulawa si kudya. Chakudya changa ndi icho mwanyamulacho."

"Chimene mwalawa chimapita kuti? M'thumba la epuloni?"

"Amayi, ndi timanyenyeswa. Komanso ndi ntchito. Sikelo imayeza kulemera basi. Ufa wa sabata ino si wa sabata yatha, yisiti imatopa, uvuni uli ndi masiku ake. Abwana amandisunga chifukwa cha pakamwa panga. Ndikasiya kulawa ndine nkhalamba yotsimphina yonyamula mathireyi, ndipo ofuna kunyamula mathireyi ali mbwee pageti. Ntchito ikatha, thumba lanu lija lithanso. Masamba anu mudzasinthanitsa ndi chiyani?"

Apa ananena zoona, ndipo ndinali nditaziganizira ndili pakhomo paja.

"Sindikuti musiye kulawa. Lilime lili m'kamwa, silili m'mimba. Lawani, koma musameze. Muzilavulira m'chitini."

Anabwerera m'mbuyo ngati ndawatukwanira amayi awo. Amuna anga anakulira m'nyumba ya ana ambiri ndi mbale imodzi, mmene kugwetsa chakudya pansi kunali mlandu wa mbama. Mpaka lero amatola nyenyeswa pa tebulo ndi chala chonyowa.

"Kulavula chakudya? Ine? Pamaso pa anthu amene ndawaphunzitsa ntchito? Ndine galu wodwala kodi?"

"Ndinu munthu wodwala."

Analanda kabokosi m'manja mwanga nalowa osacheuka.

Tsiku limenelo thumba sindinapite nalo kumsika. Amuna anga atagona pang'ono masana monga mwa chizolowezi, ndinalikhuthulira pa tebulo. Ndinatenga mbale yaikulu, nkuyamba kubenthula monga ndinawaonera: kangodya ka banzi, nsonga ya buledi, kangodya kena, kachidutswa ka keke. Ndinkatsata thireyi ndi thireyi mmene ndinkakumbukira, osawonjezera. M'malo mwa kirimu ndi manyuchi ndinakapempha supuni ya majarini ndi ya shuga kwa mnansi, nkuthira pamwamba. Mbale inadzaza mpaka mulu.

Nthawi ya chakudya chamadzulo mwana ndinamuikira nyemba ndi masamba. Bambo ake ndinawaikira mbale ija.

"Ichi nchiyani?"

"Ndi chimene simunadye pa kanthawi kamene ndinaima pakhomo paja. Cha tsiku lonse sichikwana m'mbale, chifunika beseni."

Mwana anatenga mbale yake natuluka nayo pakhonde.

Amuna anga anayang'ana muluwo nthawi yaitali. Anatola kachidutswa kamodzi, nakatembenuza, nakaika pa chikhatho ngati akukayeza. Iwo amadziwa kulemera kwa buledi ndi dzanja kuposa ine. Ananyamula mbale yonse, naitsitsa.

"Zonsezi?"

"Zonsezo."

"Ine ndimayesa mukundipha ndi njala pachabe," anatero motsitsa mawu. "Ndimayesa kamakina ka namwino kaja nkowonongeka."

Ndinachotsa mbaleyo nkuwabweretsera chakudya chawo. Anadya theka.

M'mawa mwake, kusanayere, ndinamva phokoso pa tebulo la mashini ngati matalala pa malata. Nditadzuka ndinapeza mabatani anga onse ali balala pa tebulo, ena pansi. Chitini cha mkaka chimene ndinkasungiramo mabataniwo, chokhala ndi chivindikiro cholimba, chinali chitapita. Ndinagwada nkuyamba kutola.

Masiku oyamba ankabwera okwiya. Anzawo anawasintha dzina nkumawatcha a Malovu. Abwana anati zilibe kanthu, bola chitinicho chizikhala chovindikira, kutali ndi ufa, ndipo ogula asachione. Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali chipongwe. Madzulo ankandipatsa chitini chodzaza, maso ali kumbali.

"Mukataya kuti?"

"Kudzala."

Ndinaona kuti munthuyu tsiku lina adzameza chifukwa cha chisoni chokha. Choncho chitini nacho ndinachinyamula kupita kumsika.

Make Mapasa anali akadali ndi mlandu ndi ine chifukwa cha mabanzi obenthulidwa aja, amene ndinamupititsira tsiku lotsatira. "Tsiku lija munandibweretsera mabanzi odyedwa ndi makoswe, lero mwabwera ndi chiyaninso?"

"Chakudya cha nkhuku."

Anatsegula, nayang'ana, natseka msanga. "Ambuye! Wakuchitirani zimenezi ndani?"

"Amuna anga. Nkhuku zanu zimasankha?"

"Zija zimadya ndi mphemvu zomwe." Anaganiza pang'ono. "Dzira limodzi pa chitini. Losweka chikamba."

"Lathunthu."

"Telala iwe, udzafa wolemera."

Madzulo ndinawaikira amuna anga dziralo pambali pa masamba, nkuwauza kumene lachokera.

"Ndiye kuti sizikutayika?"

"Mukuzidya ndithu, kungoti zikudzera kwa nkhuku."

Anaseka koyamba chiyambireni matendawa, kuseka kwakufupi, kotulukira m'mphuno. Kuyambira tsiku limenelo chitini ankachitsuka okha.

Shuga anayamba kutsika. Namwino anayang'ana kamakina kake, nayang'ana amuna anga, nagwedeza mutu mokhutira. Kenako anamasula bandeji. Chala chinali chitada mpaka pa mfundo, chozizira ngati mwala.

"Ichi chapita," anatero. "Shugayu akadatsika mwezi wathawu, mwina. Ndikutumizani kuchipatala chachikulu lero lomwe, tisanataye zambiri."

Anachidula tsiku lotsatira. Amuna anga anagona m'chipatala masiku angapo, kenako kunyumba milungu ingapo, phazi lili pa mpando. Nthawi yonseyo Chimtali ankabwera madzulo ndi thumba, ati anzawo onse akuchotsako pa awo.

"Alamu, awuzeni achire msanga. Dzulo tinagulitsa buledi wopanda mchere, abwana anatsala pang'ono kutiphika ifeyo."

Bala la opaleshoni linauma bwinobwino, mnofu wake wofiira ngati wa mwana. Tsiku lomaliza namwino wathu analipinda phazilo uku ndi uku, nalikanikiza, nalinunkhiza ndithu.

"Phazi latsala," anatero. "Musandithokoze, silinapulumuke mpaka kalekale. Muziliyang'ana madzulo alionse, pansi ndi pakati pa zala. Iwowa samva, ndiye maso ndi anu."

Anabwerera ku uvuni. Amayenda mopendekera pang'ono, ndipo pokwera masitepe amagwira khoma. M'nyumba mwathu shuga sanalowenso. Mwana anazolowera, ngakhale ndikudziwa kuti kusukulu amagula maswiti, ndimapeza timapepala take m'thumba la yunifolomu. Mitengo kumsika ikukwerabe, ndipo miyezi ina nyemba zimatha mwezi usanathe. Zikatero timadya masamba ndi mtedza, nkudikira.

Jombo ya kuphazi lodulidwa inakhala yokhwepa kutsogolo, phazi linkaseweramo, ndipo kusewera kumeneko ndiko kumabala chilonda china. Yatsopano sitikanagula. Ndinatenga zidutswa za nsalu zotsala pa mayunifolomu, nkusoka kamtsamiro kofewa kolingana ndi chala chachikulu cha munthu wamkulu. Ndinasoka tiwiri, kuti kena kazichapidwa kena kali kuntchito. Madzulo alionse amakhala pa mpando wa pakhonde, amavula jombo, amandipatsa chitini, kenako amandipatsa phazi.